Chipolopolo cha Mumtima mwa Abusa

"Kodi nyama yoti ikukutsatira yokha umaisaka bwanji?"

Rofhiwa anafunsa m'Chivenda, motsitsa mawu, ali chiimire kumbuyo kwa pikapu atagwirira chitsulo. A Mashudu, olondola mapazi a nyama pafamupo, anangokokera chipewa kumaso. Oom Stoffel, mwini famu, anali pa chiwongolero, ndipo ngakhale Chivenda ankachimva bwinobwino, m'mawa umenewo makutu ake ankangolandira Chingerezi. Mlendo wawo, bambo Brandvold ochokera ku Amereka, anali atakanikiza magalasi oonera patali kumaso, kufunafuna nyamalikiti m'mitengo ya tsanya kutsogolo.

Nyamalikitiyo anali kumbuyo kwawo. Ankabwera mwachifatse mumsewu wafumbi, khosi likuwerama n'kuwongoka, ngati munthu wodziwa kuti mapemphero sangayambe iye asanafike.

Pafamupo ankamutcha Abusa. Anali wamphongo wokalamba, mawanga ake atada bii ngati jekete la Lamulungu, ndipo aliyense ankamuyang'ana kuchokera pamwamba, mosathamanga, ngati akudziwa machimo ake. Ankanunkhanso. Amphongo okalamba onse amatero, koma fungo la Abusa linkafika pamalo mwini wake asanaoneke, n'kutsalira iye atapita.

Chomwe ankatsatira chinali chosabisika. Mvula itakana chaka chatha, Oom Stoffel anayamba kugula mabelo a udzu, ndipo madzulo alionse pikapu yoyerayi inkazungulira famu ikuliza hutala, Rofhiwa ali kumbuyo kudula zingwe n'kumakankhira udzu pansi. Galimoto yobiriwira, yosakira, inali itathyola giyabokosi dzulo lake. Oom anati galimoto ndi galimoto basi.

Rofhiwa anabwera pafamupo ndi dipuloma yosamalira nyama zakutchire komanso chiphaso cha ulenje, atakhala nthawi yaitali kwawo ku Thohoyandou akuluka anthu tsitsi pakhonde la amayi ake. Oom anamutenga mongomuyesa. Uyu anali mlendo woyamba woti amutsogolere yekha, ndipo mawu a Oom anali achidule: "Mlendo akachoka akumwetulira, ntchito ndi yako. Akadandaula, chipata ukuchidziwa pomwe chili."

Oom atasuzumira pagalasi n'kuona zomwe zinkabwera kumbuyo, anaponda moto. Anakhota kuseri kwa kaphiri ka miyala n'kuima.

"Tsikirani pano, bwana," anauza mlendo, nkhope ili gwa. "Nyamalikiti ndi wochenjera koopsa. Akangomva injini, simumuonanso. Muyenera kumuzembera wapansi."

A Mashudu anatsokomola kwa nthawi yaitali ndithu.

Oom anakodola Rofhiwa pawindo n'kusinthira ku Chibunu, chomwe mlendo sankachimva. "Muzungulitse pang'ono, mwana wanga, atuluke thukuta. Munthuyu wabwera kudzasaka, sanabwere ku butchala. Ine ndikaimika galimoto kuseri kwa zitsamba za kudamu. Abusa andipeza konko."

Pikapu itapita, Rofhiwa anatola kamtengo n'kugwada pamchenga. Anajambula khosi lalitali, mapewa, miyendo.

"Bwana, nyamalikiti si gwape. Mtima wake suli kuseri kwa mwendo ayi. Uli m'mwamba, kutsogolo, pakati pa mapewa, pafupi ndi pomwe khosi limayambira. Akaima chammbali, mulozetse pa fupa lotumphuka la phewali. Akayang'anizana nanu, pachifuwa pali mafupa awiri otumphuka, ndiye mulozetse pakati pake. Mukangotsitsa kapena kubwerera m'mbuyo, mwaboola mimba, ndipo nyama iyi siifa msanga."

"Pachifuwa ayi," anatero bambo Brandvold. "Chifuwa ndi khosi zikaima pabalaza panga, pafupi ndi masitepe. Ndinachita kukwezetsa denga. Munthu akangotsegula chitseko azikayamba kuona chifuwacho. Sindikufuna chigamba pamenepo."

"Osoka zikopa amatseka bowo osaoneka n'komwe, bwana."

"Rosie," anatero mlendo. Dzina lake lenileni linawakanika tsiku loyamba ndipo sanayesenso. "Ine ndinayamba kupha agwape iwe usanabadwe. China n'chakuti mfuti yakoyo ikhale paphewa. Sindikufuna chipolopolo cha munthu wina m'nyama yanga. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

Anayamba kuyenda. A Mashudu ankaidziwa ntchito yawo. Ankagwada, kutola ndowe, kuifikisa ndi zala, kuinunkhiza, kenako kuyang'ana kumwamba ngati akufunsa kwa makolo. Ankatola fumbi n'kuliwaza kuti aone kolowera mphepo. Mapazi a Abusa, aakulu ngati mbale, anali atadinda pamwamba penipeni pa mizere ya matayala, koma a Mashudu anawasiya n'kulowetsa gulu lonse m'minga.

"Akuti chiyani mapaziwo?" ananong'ona mlendo.

"Akuti ali pafupi, koma ndi wochenjera," anamasulira Rofhiwa.

Zomwe a Mashudu ananena zinali zakuti: "Adona a dipuloma, auzeni kuti Abusa apita kukadya, ndipo ife tikuwachedwetsa."

"Malume, mundiseketsa, ndichotsedwa ntchito ndisanaiyambe."

"Ukaseka uziti ndi chifuwa. Ife takhala tikudwala chifuwa chimenechi kuyambira kale."

Dzuwa litakwera, malaya a mlendo atanyowa mpaka m'chiuno ndipo mkono utakalika mokwanira kuti akaonetse anzake kwawo, a Mashudu anawatulutsira kudamu. Fungo ndi lomwe linawalonjera. Kenako anamuona. Anali ataima chammbali pafupi ndi zitsamba zomwe zinabisa pikapu, akubzikula pang'onopang'ono. Anatembenuza mutu n'kuwayang'ana ndi maso aakulu a nsidze zazitali aja, osasiya kutafuna.

"Watiwona!" ananong'ona mlendo. "Athawa!"

"Athawa akakhuta," anatero a Mashudu m'Chivenda, uku akuimika timitengo totsamiritsa mfuti.

Rofhiwa anaima pafupi ndi khutu la mlendo. "Pa fupa la phewa, bwana. M'mwamba." Ankayang'ana mpope wa mfuti, ndipo anauona ukutsetsereka wokha, kutsika, kubwerera m'mbuyo, kupita pomwe manja a munthuyo anazolowera, pomwe gwape amasunga mtima. "Kwezani, bwana. Kutsogolo, kutso..."

Mfuti inalira. Chipolopolo chinafika ndi phokoso lofewa, ngati munthu wamenya matiresi onyowa ndi mtengo.

Abusa sanalire. Nyamalikiti salira, ndipo Rofhiwa analakalaka akanalira. Anathamanga pang'ono, mchira utapindikira pamsana, kenako anaima. Anatembenuka n'kuzungulira zitsamba zija, kupita pomwe ankadziwa kuti zinthu zabwino zimachokera. Anaweramitsa khosi lonse lija n'kununkhiza kumbuyo kwa pikapu, komwe kunalibe kanthu. Pamimba pake pankachucha madzi obiriwira.

"Wayang'ana chiyani kumeneko?" anafunsa mlendo.

Oom analiza injini n'kuchoka mwaliwiro, kuti asakhale kutsogolo kwa mfuti. Abusa anayesa kutsatira. Anaponda kangapo, n'kuima. Ndiye anatembenukira kwa anthu aja. Mwina chinali chipewa cha Rofhiwa, chomwe ankachiona madzulo alionse pamwamba pa mabelo. Anayenda pang'ono kubwera kwa iwo n'kuima, miyendo atatangadza, chifuwa chili poyera, mafupa awiri aja akuoneka ngati pachithunzi cha m'buku lakusukulu.

"Bwana, ndi pamenepo. Pakati pa mafupawo. Chimodzi chokha, zatha."

"Ndati chifuwa ayi. Tidikire atembenuke."

Anadikira. Abusa sanatembenuke. Ntchentche zinafika. Mbalame zodya nkhupakupa zinatsika pakhosi n'kupeza bala lija, ndipo zinayamba kulijompha. Minofu ya pantchafu inkanjenjemera payokha. Fungo la mimba yobooka linasakanikirana ndi fungo lakale lija.

"Bwana, chonde. Akhoza kuima chonchi mpaka madzulo."

"Ndiye tiima naye mpaka madzulo."

Mlendo anatsamiritsa mfuti pa timitengo tija, n'kumwa madzi. Kenako anatulutsa foni, anaitembenuzira kwa iye mwini, n'kuyamba kulankhula monong'ona, Abusa akuoneka kuseri kwa phewa lake. Ankauza anzake kwawo kuti chilombochi n'cholimba, koma iye ndi wodekha.

Rofhiwa anaganiza za khonde la amayi ake, za zala zake zitatupa ndi kuluka, za amayi ake akuuza akumpingo kuti mwana wawo tsopano ali pa ntchito ya sukulu yake. Anayang'ana a Mashudu. Iwo ankayang'ana nsapato zawo.

"Usatero, mwana wa mlongo wanga," anatero osadzutsa mutu.

Mfuti ya Rofhiwa inachoka paphewa mosavuta. Inali mfuti yolemera ya pafamupo, yomalizira njati zovulala, ndipo ataombera inamumenya paphewa ngati chitseko. Abusa anagwedezeka thupi lonse, anabwerera m'mbuyo, miyendo inapindika. Khosi linatsalira m'mwamba kwa kanthawi, lokha, kenako linatsika lonse n'kumenya pansi. Fumbi linakwera.

"Wachita chiyani?" Nkhope ya mlendo inali itafiira mpaka m'makutu. "Wachita chiyani, iwe? Ndinakuuza chiyani?"

Pikapu inafika mpweya wa funsolo usanathe. Oom anatsika akuseka, manja ali m'mwamba.

"Waphonya! Ha, Rofhiwa, waphonya nyama yaikulu ngati tchalitchi! Ndaona fumbi lake kuseri uko, chipolopolo chimenecho pano chikulowa mu Zimbabwe." Anagwira dzanja la mlendo n'kuligwedeza ndi manja awiri. "Chanu chija, bwana. Chinali chikugwira ntchito m'kati mwakachetechete. Phokoso la mtsikanayu langomudzidzimutsa, iye anali atafa kale ali chiimire. Ndaona zambiri ine, koma kuombera kumeneku!"

Mlendo anayang'ana Oom, n'kuyang'ana Rofhiwa. Ankafuna kukhulupirira, ndipo zinkaonekeratu kuti akungofuna womukankha pang'ono.

"Eti, Rofhiwa?" anatero Oom, akumwetulirabe, maso okha osamwetulira. "Waphonya, eti?"

Kumbuyo kwa mlendo, a Mashudu anali atagwada kale pachifuwa cha Abusa, chala chachikulu chikukanikizira matope m'bowo, dzanja linalo likuwazapo fumbi.

"Ndaphonya, Oom."

"Osadandaula, Rosie," anatero mlendo, mtima utatsika. Anamusisita paphewa lomwe linkawawa lija. "Udzaphunzira."

Zithunzi zinatenga nthawi yaitali kuposa kusaka. Anaitana anyamata a ku shedi yosendera, ndipo onse pamodzi anakoka, kukankha, kupinda miyendo kuti Abusa aoneke ngati angokhala pansi kupuma. Anatembenuzira bala la pamimba kumbali yosaoneka. Anatsuka magazi ndi madzi a mu chigubu, n'kukwirira ndi mchenga zobiriwira zija. Lilime, lalitali ngati lamba, lakuda, linkangotuluka. Rofhiwa analibwezera m'kamwa ndi dzanja, likatuluka n'kulibwezeranso, mpaka mmodzi wa osenda anatulutsa mpeni n'kulidula, n'kuliponya m'zitsamba. Anathira madzi m'maso kuti awale. Mlendo anapaka mankhwala a chimfine m'mphuno chifukwa cha fungo, anakhala kumbuyo patali ndithu kuti nyama ioneke yaikulu, n'kukweza chala chachikulu.

"Mwetulirani, bwana," anatero Rofhiwa, yemwe ndiye anapatsidwa kamera.

Masana onse anathera ku shedi. Chikopa cha nyamalikiti sichidikira: chikatenthedwa ubweya umasosoka, ndiye osenda ankathamanga, akunola mipeni pafupipafupi chifukwa chikopacho n'chochindikala ngati tayala. Nyama ankaiunjika m'mabeseni. Ya wamphongo wokalamba palibe amaidya yokha. Galimoto ya butchala wa ku Musina inkayenera kubwera m'mawa kudzaitenga, kuti akaigaye ndi zokometsera zambiri mpaka isanduke soseji yosakumbutsa kanthu.

Mtima anautulutsa anthu awiri. Unadzaza beseni lonse. Unali utang'ambika pakati penipeni, ndipo wosenda wamkulu anapisamo dzanja, anafufuza cha kumbuyo kwake, n'kutulutsa chipolopolo chonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Anachipukuta pa ovolosi n'kupatsa Rofhiwa.

"Ichi ndiye chinapita ku Zimbabwe chija," anatero. "Chabwerako msanga, ndipo popanda pasipoti."

Anyamata onse anaseka. Rofhiwa anachiika m'thumba.

Pafamupo panali mwambo. Madzulo a tsiku lomwe mlendo wapha nyama yake, mlenje womutsogolera ankamubweretsera pambale chipolopolo chopezeka mumtima, anthu onse akuwomba m'manja. Alendo ankachikonda kuposa nyanga. Ena ankachiboola n'kuchivala m'khosi.

Oom anaitanira Rofhiwa m'chipinda chosungira mfuti. Pamwamba pa kabati anatsitsa chitini chakale cha khofi n'kuchikhuthulira patebulo. Munali zipolopolo zoomberedwa kale, zophwanyika mitu, zazikulu ndi zazing'ono, zomwe anyamata ankakumba pachulu cha mchenga chomwe alendo amayesererapo mfuti.

"Cha bwana chija chatayika m'matumbo, ndipo palibe amene apisemo dzanja," anatero Oom. Anasanthula ndi chala n'kusankha chimodzi chowonda. "Ichi n'cha mfuti ngati yake. Ukachiviike m'magazi pang'ono, chiume. Usachite manyazi, mwana wanga. Chitini ichi chinali cha bambo anga."

Rofhiwa anasamba kawiri, koma fungo la Abusa linali litalowa m'tsitsi. Dzuwa likupendeka anapita pabwalo pomwe moto wootchera nyama unali utayaka kale. Mlendo anali atavala malaya oyera, tambula m'manja, akufotokozera wophika momwe anazemberera chilombo chochenjera m'minga. M'nkhani yakeyi mtunda unali utatalika, ndipo nyamalikitiyo anali atayamba kuwathamangira.

Rofhiwa anaima kukhitchini ndi kambale koyera. M'thumba lamanzere munali chowonda cha m'chitini. M'thumba lamanja munali chake. Anaima nthawi yaitali moti wotsuka mbale anamufunsa ngati akudwala. Kenako anapisa dzanja lamanja.

Anayenda nako kambaleko pakati pa anthu akuwomba m'manja. Anaona Oom akuyang'ana pambale, n'kuona kumwetulira kwake kukuuma. Chipolopolocho chinali chitakhala pakati pa kambale ngati chule, chonenepa, choti ngakhale mwana sakanachisokoneza ndi zipolopolo zowonda zomwe mlendo anali nazo pa lamba wake nthawi yomweyo. Rofhiwa anaima chilili, manja ali kumbuyo, kudikira kuti denga ligwe.

Bambo Brandvold anachitola. Anachitembenuza, n'kuchikweza kuti kuwala kwa moto kuchimenye. Anachiyeza kulemera pachikhatho. Maso awo anadzaza misozi.

"Ndikuchidziwa ichi," anatero. "Ndinachisankha ndekha m'bokosi m'mawa uja. Taonani momwe chatupira! Pakati pa mtima, eti?"

"Pakati penipeni, bwana," anatero Rofhiwa.

Mlendo anachipsompsona. Magazi ouma a Abusa anatsalira pamlomo wake, ndipo anawatsukira m'kamwa ndi chakumwa.

Oom anamugwira Rofhiwa pachigongono n'kupita naye kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mpanda. Anayang'ana kumbuyo kaye, kenako anayamba kuseka, kuseka kopanda mawu, mimba yokha ikugwedezeka, mpaka anapukuta maso ndi chipewa.

"Iwe! Unafuna kundipha ndi mtima? Ine ndakhala ndikuvutika ndi chitini chija zaka zonsezi, osadziwa kuti ukhoza kuwapatsa ngakhale bawuti ya thirakitala!" Anapuma. "Munthuyu wanena kale kuti chaka chamawa abweranso, akufuna mbidzi, ndipo akufuna umutsogolere iweyo. Akuti ndiwe wamanjenje koma waulemu. Ntchito ndi yako, mwana wanga. Lolemba tikakugulire yunifolomu yokukwana."

Kutali, cha kudamu, hutala inalira. A Mashudu anali atachedwa ndi udzu wa madzulo. Pamwamba pa mitengo ya tsanya panatulukira khosi limodzi, kenako lina, kenako enanso, onse akutembenukira komwe kunali pikapu yoyera. Oom analoza ndi tambula khosi lalitali kwambiri mwa onsewo.

"Uyo wayamba kuda bwino. Zaka ziwiri zikubwerazi akhala atapsa."

Rofhiwa anapisa dzanja m'thumba lamanzere, anatulutsa chipolopolo chowonda chija, n'kuchiika m'dzanja la Oom. Anapinda zala za mkuluyo kuti chisagwe.

"Mubwezere m'chitini, Oom," anatero. "Yunifolomu musagule. Mawa ndikwera nawo galimoto ya butchala ija."